Ulendo woyamba wa ku Malawi: malo ogona awiri akwana

Anzanga a kuno ku Chipata amene mukufuna kukakwera mapiri ndi kuona nyanja ku Malawi, musachulutse matauni. Ngati muli ndi sabata imodzi, sankhani malo awiri ogona basi. Mukachulutsa, masiku amathera m'minibasi, chikwama chili pamwendo, phiri mukungolionera pawindo.

Mukadutsa malire pa Mwami n'kulowa Mchinji, Lilongwe ikhale pongosinthira ndalama ndi basi.

Ine ndinganene kuti yambani ndi Zomba. Phiri lili pamwamba penipeni pa tauni. Mumadzuka m'mamawa, kukwera wapansi mpaka ku mathithi a Williams Falls kapena ku dzenje la Chingwe's Hole, madzulo mwatsika kukadya nsima kumsika. Kuchokera komweko mutha kupita ku Liwonde National Park n'kubwerako tsiku lomwelo, mutaona mvuu ndi njovu m'mbali mwa mtsinje wa Shire. Mu June ndi July kumtundako kumazizira kwambiri, juzi musaiwale.

Phiri la Mulanje si longodutsapo. Nsonga ya Sapitwa ndi mamita 3,002, ndipo pamafunika masiku angapo, wokulondolerani wa ku Likhubula m'munsi mwa phirilo, ndi kugona m'tinyumba ta paphiri. Ngati mtima uli ku Mulanje, nyanja idikire ulendo wina.

Apo ayi, malo achiwiri akhale Cape Maclear m'mbali mwa nyanja ya Malawi, kudzera ku Monkey Bay. Pali bwato, kusambira ndi tinsomba ta mbuna m'miyala. Mukabwerera kwathu kayezetseni likodzo, chonde. Ndipo pewani November mpaka April, njira zapaphiri zimaterera ndi mvula.