Mmene mungagulitsire katundu wakale wa makolo mu Lusaka

Nyumba zambiri za ku Chilenje, Libala, Kabwata ndi Matero, zomwe makolo athu adagula ku khonsolo boma litalola mu 1996 kuti okhalamo azigule, zili ndi kachipinda komwe sikatsegulidwa kawirikawiri. M'menemo mumakhala makina osokera a Singer, simbi ya makala, nyali ya Tilley, wailesi yomwe idasiya kulira kalekale, bokosi lachitsulo lodzaza makalata ndi zithunzi, ndiponso mbale zomwe zinkatuluka pa Khirisimasi pokha. Ikafika nthawi yoti nyumbayo ichititsidwe lendi kapena banja lisamukire m'nyumba yocheperapo, nkhani ya katunduyu imabuka, ndipo ambiri amaizengereza mpaka chiswe, chinyezi cha dzinja ndi dzimbiri zitawononga zomwe zikadapindulitsa wina. Kugulitsa zinthu zoterezi si kunyoza malemu, koma pali ndondomeko yake, ndipo mtengo umabwera kumapeto kwa ndondomekoyo.

Yambani ndi kudziwa mwini wake weniweni wa chinthu chilichonse, chifukwa amene akusunga katundu si nthawi zonse amene ali ndi mphamvu yomugulitsa. Ngati malemu adasiya wilu, tsatirani zomwe adalemba. Ngati sadasiye, lamulo la Intestate Succession Act la 1989 limagawa chuma chamasiye motere: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo a malemu, ndipo 10 kwa ena omwe ankadalira malemuyo. Katundu wa m'nyumba lamuloli limamupereka kwa wamasiye ndi ana, choncho mwana mmodzi sangagulitse yekha makina a amayi ake pomwe abale ake ali ku Chipata kapena ku Kitwe osadziwa kanthu. Kupatula lamulo, kwathu kuno amalume ndi mwini mbumba, ndipo azakhali amakumbukira yemwe adalonjezedwa chiyani malemu ali moyo. Jambulani katundu yense, tumizani zithunzizo pa gulu la banja la WhatsApp, perekani mwezi wathunthu kuti aliyense anene chomwe akufuna, ndipo akuluakulu muwaimbire foni kapena muwapitire, chifukwa nkhani yotere saimvera pa uthenga wolembedwa. Chomwe wachibale wachifuna, mpatseni kapena mumugulitse pa mtengo wachibale musanaganize za mlendo.

Kenaka sungani mbiri ya chinthucho musanachitulutse pakhomo, pakuti nthawi zambiri chomwe chimapweteka mtima pogulitsa ndi kuopa kuti nkhani ya mwini wake ipita nacho limodzi. Khalani pansi ndi agogo kapena azakhali, ikani simbi ija patsogolo pawo, muyatse foni yojambulira mawu ndi kuwafunsa kuti: “Agogo, simbi iyi adaigula liti, ndipo ankasitira zovala za ndani?” Mudzamva za yunifolomu ya kusukulu, za malaya oyera a ku ntchito ya njanji, za makala omwe ankaotcha kolala wositayo akatayirira. Makalata, zithunzi, ziphaso ndi Baibulo lolembedwa masiku obadwa a ana musazigulitse konse, chifukwa kwa wogula n'zopanda mtengo pomwe kwa adzukulu sizingapezekenso. Pa zotsalazo dzisankhireni chimodzi kapena ziwiri zomwe mudzazigwiritsadi ntchito, osati zokabisanso pansi pa bedi.

Pali zinthu zina zosayenera kupita pamsika ngakhale banja lonse litavomera. Zosema za minyanga ya njovu ndiponso zikopa za nyama zotetezedwa zili pansi pa lamulo la Zambia Wildlife Act la 2015, ndipo kupezeka nazo popanda chikalata cha umwini kungakumangitseni, choncho kafunseni ku Department of National Parks and Wildlife ku Chilanga musanazionetse kwa aliyense. Lamulo la 1989 lomwe lidakhazikitsa bungwe losamalira zinthu zamakedzana la National Heritage Conservation Commission limateteza zinthu zambiri zopangidwa kapena zogwiritsidwa ntchito m'dziko muno chaka cha 1924 chisanafike, ndipo sizituluka kunja popanda chilolezo. Chinthu chamtunduwu ndi bwino kukachionetsa ku Lusaka National Museum pa msewu wa Independence Avenue. Za Gule Wamkulu nazo zibwezeni kwa eni dambwe kumudzi, ngakhale wogula atalonjeza ndalama zochuluka bwanji.

Tsopano mtengo. Kukalamba kwa chinthu pakokha sikuchikweza mtengo. Chomwe chimakweza ndi kusowa kwake, kukhala chathunthu, ndiponso kupezeka kwa anthu ochifuna. Makina a Singer adapangidwa mamiliyoni ambiri, motero phindu lake lili pa kusoka, ndipo telala wa ku Kamwala angapereke ndalama yabwino kuposa wogula zakale ngati makinawo ali ndi chopondera, lamba ndi bobini yake. Mphekesera zoti m'makinawa kapena m'masimbi akale muli mankhwala amtengo wapatali ndi bodza lomwe akamberembere amakolera nalo anthu. Ndalama zamapepala za kwacha isanachotsedwe maziro atatu pa 1 January 2013 zidakali zambirimbiri m'mabokosi a anthu, kotero musayembekezere zambiri, koma makobiri ndi mapepala a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kapena a paundi ya Zambia yomwe idalowedwa m'malo ndi kwacha mu 1968, ali ndi owafuna akakhala osaperepeseka. Zomwe anthu amazipeputsa ndi mbale za galamafoni za Zamrock, nyimbo za rock za ku Zambia za m'ma 1970, zambiri zodindidwa ndi kampani ya Teal ku Ndola, zomwe otolera nyimbo akunja amazisaka, makamaka zikakhala ndi chikuto chake. Mukapeza kawailesi kabuluu kooneka ngati poto kotchedwa Saucepan Special, komwe kadayamba kugulitsidwa mu 1949 kuti anthu azimvera wailesi ya ku Lusaka, musathamangire kukapereka kwa wogula woyamba.

Musapale, musapente ndiponso musakwechese chinthu ndi mchenga kapena phulusa poganiza kuti chikawala chikwera mtengo. Pukutani fumbi ndi kansalu kouma basi, chifukwa khobiri lokwechedwa ndi tebulo la mukwa lopakidwa vanishi watsopano zimatsika mtengo kwa munthu wodziwa. Jambulani masana, mbali zonse, pamodzi ndi dzina la kampani, nambala yodindidwa pachitsulo ndi pomwe padasweka, ndipo chilema chilichonse muchitchule nokha poyambirira.

Funsani mtengo kwa anthu osachepera atatu musanalengeze wanu. Ogulitsa zosema ku Kabwata Cultural Village pa msewu wa Burma ndi a pamsika wa Lamulungu ku Arcades amadziwa zomwe alendo amakonda, koma kumbukirani kuti iwo amagula kuti akagulitsenso, choncho mtengo wawo ndi wapansi. Pa Facebook Marketplace mungapeze mtengo wokwererapo, kungoti mudzayankha mafunso a anthu ambiri osagula. Ogula zitsulo zakutha amayeza pa sikelo osalabadira zaka, motero kwa iwo kupite zokhazo zomwe zidatheratu. Dziikireni mumtima mtengo womwe simungatsikepo, ndipo ngati mukudziwa kuti misozi ingakugwereni ponenerera, tumani mlamu kapena mnzanu yemwe sadakule ndi chinthucho kuti akalankhule m'malo mwanu.

Kumanani ndi wogula masana pamalo a anthu ambiri, ndipo ngati katunduyo ndi wolemera moti wogula ayenera kufika pakhomo, pakhale munthu wina wamkulu ndipo katunduyo mumutulutsire pakhonde. Polandira ndalama kudzera pa Airtel Money kapena MTN MoMo, onani nokha ndalama zomwe zili mu akaunti yanu musanapereke katundu, pakuti uthenga wonena kuti ndalama zalowa umatha kupekedwa. Lembani kapepala kotchula chinthucho, mtengo, tsiku ndi dzina la wogula, ndipo tsiku lomwelo tumizani chithunzi chake kwa abale onse pamodzi ndi ndondomeko ya kagawidwe yomwe mudagwirizana, kaya ndi yogawana, yolipirira sukulu ya mdzukulu, kapena yomangira chiliza cha malemu ku manda a Leopards Hill kapena kumudzi.