Mukapita ku Cognac, yendani chonchi

Chibwerereni kuchokera kwa achemwali anga ku France, anzanga amene timacheza nawo ku Katoto Loweruka madzulo sakundipatsa mpata, akufuna kumva za tsiku limene ndinakalawa brandy wotchedwa cognac kwa alimi a mphesa eni ake, m'dera la Cognac kumene amamutcheza. Ndiye ndalemba pano, kuti wina mwayi ukamugwera asakasochere.

Nyamukani m'mawa kwambiri ku Paris, pa siteshoni ya Montparnasse. Sitima yothamanga ija ya TGV imakufikitsani ku Angoulême m'maola awiri ndi mphindi pang'ono, kenako mukwere ina yaing'ono mutsikire pa Jarnac. Musathamangire ku tawuni ya Cognac kumene kuli makampani akuluakulu ngati Hennessy ndi Martell. Jarnac ndi katawuni kodekha m'mbali mwa mtsinje wa Charente, kwawo kwa François Mitterrand, pulezidenti wakale amene anabadwira konko mu 1916 n'kuikidwanso konko mu 1996.

Kumidziko kulibe kabaza kapena minibasi yoimika ndi dzanja. Pezani galimoto ndi munthu woyendetsa amene salawa kanthu tsikulo, chifukwa malire a mowa m'magazi kwa woyendetsa ndi magalamu 0.5 pa lita basi, komanso amayendera kumanja kwa msewu. Ife anatiyendetsa ndi alamu anga.

Lowerani cha ku Bourg-Charente kenako ku Segonzac, pakati pa dera lotchedwa Grande Champagne. Minda ya mphesa za Ugni Blanc yangoti mbee uku ndi uku. Muziyang'ana makoma ndi madenga akuda bii ngati alowa mwaye. Poyamba ndinkaganiza kuti kunapsa moto, koma ndi nkhungu imene imadya mpweya wa mowa wotuluka m'migolo, umene eni ake amautcha gawo la angelo. Mukaona khoma lotero, dziwani kuti kuseri kwake kuli migolo.

Imbani foni tsiku lisanafike, chifukwa alimi ang'onoang'ono amakhala ali kumunda. Ndipo musafike pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko masana. Ine ndinalakwitsa pamenepa: tinagogoda pa geti cha m'ma 1 koloko, anangotuluka galu. Nthawi imeneyo ndi ya chakudya, ngakhale masitolo amatseka, choncho inunso khalani pansi mudye mokwanira, mowawu sufuna m'mimba mopanda kanthu. Polowa paliponse yambani ndi "Bonjour", monga mmene kuno munthu sungafunse njira usanapereke moni.

Bambo amene anatilandira anationetsa mphika waukulu wa kopa, wokhala ndi khosi lopindika ngati la tsekwe. Ndinangoseka chamumtima, poti ndi nzeru yomweyo ya kachasu wa kumudzi kwathu: moto pansi, nthunzi mu paipi, madzi ozizira, dontho dontho. Kusiyana kwake, iwo amatcheza kawiri, ndipo mowa woyamba kutuluka, umene nawonso amautcha mutu, amaupatula osauika mu mgolo. Wathu uja timalimbirana! Amasunga wapakati wokha, wamphamvu pafupifupi 70 peresenti, n'kuutsekera m'migolo ya mtengo wa oak. Kutcheza kumachitika nyengo yozizira ndipo lamulo limati kuthe pofika pa 31 Malichi, ndiye ngati mukufuna kuona moto ukuyaka, pitani cha mu Disembala kapena Januwale. Tengani jekete lenileni, kuzizira kwa Mzuzu kwa mu Juni n'kwa ana.

Polawa, yambani ndi VS, amene wakhala mu mgolo zaka ziwiri kapena kuposerapo, kenako VSOP wa zaka zinayi, mutsirize ndi XO wa zaka khumi. Adzakuthirirani kadontho pansi pa tambula yopapatiza kukamwa. Musagugude. Ine ndinalowetsa mphuno yonse n'kutsokomola mpaka misozi, bambo aja akungondiyang'ana. Nunkhizani tambula ili chapatali pang'ono, dikirani, kenako nyowetsani lilime. Kutaya wotsala si mwano.

Pemphaninso pineau, madzi a mphesa osakaniza ndi cognac, wotsekemera ndipo amamwa wozizira. Kulawa nthawi zambiri salipiritsa, koma kuchoka chimanjamanja n'kochititsa manyazi. Ndinagula botolo limodzi la VSOP, ndinalikulunga mu chitenje pakati pa sutikesi, ndipo linafika ku Luwinga lili lamoyo.