Malangizo a citetezo kwa odzidzazira zipolopolo za mfuti: zoyenera kucita mukasintha mutu wa cipolopolo

Werengani malangizo awa musanaike mutu watsopano pa cigoba ciliconse. Alembedwera munthu amene ali ndi laisensi ya mfuti ndiponso wololedwa ndi lamulo kudzaza yekha zipolopolo, ndipo salowa m'malo mwa buku la miyeso locokera ku kampani imene inapanga onga kapena mitu imene mukugwiritsa nchito.

Mukasintha mtundu wa mutu, muyeso wa onga umene munazolowera usagwirenso nchito, ngakhale mitu iwiriyo ikhale yolemera cimodzimodzi. Anthu ambiri amanyengeka ndi nambala ya pa bokosi, poganiza kuti mitu yonse ya 150 grain (muyeso wa kulemera) ndi imodzimodzi, koma si conco. Mkuwa ndi wopepuka kuposa mtovu, motero mutu wa mkuwa wokhawokha, monga TSX wa kampani ya Barnes, umakhala wautali kuposa mutu wa mtovu wolemera mofanana nawo. Mutu wautali umalowa kwambiri m'cigoba ndi kucepetsa malo a onga, ndiponso mmene umakhulira mizere ya mkati mwa mpope wa mfuti (imene imazungulitsa mutu) zimasiyana malinga ndi kulimba kwake. Zonsezi zimasintha presha ya mkati mwa mfuti poombera, ndipo mpata wolakwitsa ndi wocepa: bungwe la SAAMI, limene limaika miyezo ya mfuti ndi zipolopolo ku America, linaika malire a presha ya cipolopolo ca .308 Winchester pa 62,000 psi, ndipo muyeso wapamwamba wa m'buku umakhala kale pafupi ndi malirewo.

Conco bwererani pa muyeso woyambira umene buku lalemba pa mutu womwewo ndi onga womwewo. Ngati buku langopereka muyeso wapamwamba, cotsaniko 10 peresenti, kenaka muziwonjezera pang'onopang'ono, osapitirira theka la grain nthawi imodzi, ndipo muombere zipolopolo zingapo pa muyeso uliwonse musanapite patsogolo. Grain imodzi ndi magalamu 0.065 okha, motero sikelo yanu muziiyesa kaye tsiku lililonse musanayambe. Musatsike kupitirira muyeso woyambira, makamaka ndi onga woyaka pang'onopang'ono, cifukwa kucepetsa kwambiri nakonso n'koopsa. Pathebulo pazikhala citini cimodzi cokha ca onga.

Kutalika kwa cipolopolo conse kuyesedwenso ndi kalipa (cida coyesera utali ndi kunenepa molondola), pakuti mutu uliwonse uli ndi kapindikidwe kake, ndipo wina ungagunde mizere ya mpope pamene wakale sunkafika. Mutu wopanikizika m'mizere umakweza presha mwadzidzidzi. Kampani ya Barnes imalangiza kuyamba ndi mpata wa mainchi 0.050 pakati pa mutu ndi mizereyo pa mitu yake ya mkuwa. Yesaninso kunenepa kwa mutu m'malo mokhulupirira maso: mfuti ya .303 British imafuna mutu wa .311 kapena .312, ndipo mutu wotere suyenera kulowa m'mfuti ya .308 kapena .30-06. M'mfuti imene zipolopolo zimandondozana m'paipi, monga zambiri za .30-30, musaikemo mitu yosongoka, cifukwa nsonga yolimba ingagunde primer (kabatani ka kumbuyo kwa cigoba kamene kamayatsa onga) ya cipolopolo ca kutsogolo mfuti ikagwedezeka.

Poombera valani magalasi otetezera maso, ndipo cigoba ciliconse muziciyang'anitsitsa. Boti (citsulo cotsekera cipolopolo m'mfuti) ikamalimba potsegula, primer ikaphwatalala kapena kugweduka, kapena kumbuyo kwa cigoba kukaoneka cizindikiro conyezimira, siyani pomwepo ndipo zipolopolo zotsala muziphwasule. Tikucenjeza mwamphamvu kuti zizindikiro zimenezi nthawi zambiri zimaoneka presha itapitirira kale malire, n'cifukwa cake makina oyesera liwiro ndi othandiza kwambiri: liwiro likaposa la m'buku, dziwani kuti presha nayonso yakwera. Kumbukiraninso kuti kutentha kumawonjezera presha, motero muyeso umene munauyesa m'nyengo yozizira uyesedwenso m'nyengo yotentha, ndipo zipolopolo zisamasiyidwe padzuwa. Mfuti ikalira mofooka, cotsani zipolopolo zonse ndi kuona ngati mutu sunatsalire mumpope musanaomberenso.

Mutu watsopano sugunda pamene wakale unkagunda, conco konzaninso sikopu (galasi lolunjikira) musanapite kukasaka. Ngati mabowo a pa pepala loomberapo ndi aatali m'malo mozungulira, nthawi zambiri ndiye kuti mutuwo watalika kwambiri moti mizere ya mpope wanu siikuuzungulitsa mokwanira, ndipo muyenera kusankha wina wamfupi. Pa bokosi lililonse lembani mtundu ndi kulemera kwa mutu, dzina ndi muyeso wa onga, primer, cigoba, kutalika, tsiku, ndi mfuti imene munayesera, ndipo zipolopolo zimenezo zisaomberedwe m'mfuti ina popanda kuyambiranso pa muyeso woyambira.