Timadontho titatu pa uthenga wa pafoni: pomwe timaseketsa ndi pomwe timaopsa

Munthu akati "Walira mvula..." n'kukhala chete, palibe amafunsa kuti kenako chiyani. Matope aja aliyense amamalizira yekha mumtima. Timadontho titatu timagwira ntchito yomweyo pa zolemba: mumanena theka, wowerenga n'kumaliza. Choncho musanatiike, dzifunseni ngati amene mukumulemberayo ali nalo kale theka linalo m'mutu mwake. Ngati alibe, lembani zonse.

Nthabwala yake imapangidwa motere. Tinene kuti pagulu la WhatsApp la anthu a kwanu okhala ku Mayfair ndi ku Yeoville, mumzinda wa Joni, wina walemba kuti: "Transipota wanditsimikizira kuti firiji ifika ku Mangochi Lachisanu." Musayankhe ndi ndime yonse. Tolani liwu limodzi lomwe lanyamula nkhani, mulibwereze, muike timadontho: "Lachisanu..." Basi, tumizani. Onse amene anagonapo pamzere wa pachipata cha malire cha Beitbridge, n'kukadikiranso pa zipata za Nyamapanda ndi Zobue, aseka okha, chifukwa ulendo wonsewo awuona m'timadontho timeneti. Mawu asapitirire awiri kapena atatu. Ndipo mukatumiza, chala chichoke pafoni. Ambiri amaononga apa: amadikira pang'ono, aona palibe wayankha, n'kuwonjezera kuti "ndikutanthauza kuti achedwa." Nthabwala yafa pomwepo, mwamulanda wowerenga gawo lake.

Miyambi ndiyo imakoma kwambiri mwanjira imeneyi. Mnzanu akamaseka wina amene wabedwa foni pa Park Station, "Chaona mnzako..." n'kokwanira. Koma ukhale mwambi womwe onse amaudziwa. Mwana wokulira ku Joni kuno, amene Chichewa amangochimvera m'nyumba, adzaganiza kuti uthenga wadukira panjira.

Tsopano pomwe timadontho timapweteka. Uthenga wopita kumudzi si wofanana ndi wa pagulu la anzanu. Mukalemba kuti "Amayi, kuntchito kuja..." inu n'kulowa m'tekisi, mayiwo theka linalo alibe, ndiye amalizira ndi mantha: ntchito yatha, mwana wagwidwa, mwina ali ku Lindela, kosungirako alendo odikira kubwezedwa kwawo. Usiku wonse sagona. Nkhani ya ndalama, matenda, maliro ndi mapepala isakhale ndi timadontho ngakhale kamodzi. Lembani mpaka mpumiro: "Amayi, ndatumiza R800 lero, mukatenge mawa. Ine ndili bwino."

Kwa akuluakulu samalaninso ndi mawu aulemu. "Zikomo kwambiri, bambo." ndi kuthokoza. "Zikomo..." akumveka ngati pali dandaulo lomwe mwameza. "Chabwino..." kwa apongozi kapena kwa abwana amaoneka ngati mwavomera monyinyirika, ngakhale inu simunaganize zimenezo. Ena amaika timadontho kumapeto kwa chiganizo chilichonse m'malo mwa mpumiro. Chizolowezi chimenechi n'chofunika kusiya, chifukwa tsiku lomwe mukufuna kuti timadontho tilankhule, palibe adzatimva.

Kalembedwe kake n'kosavuta. Timadontho ndi titatu, osati tiwiri kapena mzere wonse, ndipo si mipatuliro itatu. Tigundane ndi liwu lomaliza, mpata ubwere pambuyo. Ngati likadali funso, mfunsiro ubwere kumapeto: "Ndiye renti ija...?" Mukamabwereza mawu a munthu wina n'kudumpha ena pakati, ikani timadontho pomwe mwadumphapo, koma musadumphe liwu losintha tanthauzo ngati "ayi" kapena "mwina".

Pamafoni ambiri, mukakanikiza batani la mpumiro kwa kanthawi pamatuluka chizindikiro chimodzi chokhala ndi timadontho tonse titatu. Pa WhatsApp chilibe vuto. Pa SMS wamba chipeweni: uthenga umodzi umanyamula zilembo 160, koma chizindikiro chimenechi chikalowamo malire amatsika kufika pa 70, uthenga n'kugawika pawiri kapena patatu, ndipo mulipira uliwonse pawokha. Polembera a kumudzi omwe ali ndi kafoni ka mabatani, dinani mpumiro katatu.