Mapadi a mabuleki a disiki: werengani disiki musanagule

Njinga za mabuleki a disiki zachuluka kuno ku Ulongué, ndipo ambiri akafika pamalo panga pokonzera njinga amangoti, "Amisiri, mundipatse mapadi olimba." Ine ndimayamba ndafunsa kuti mumayenda msewu uti ndipo mumanyamula chiyani.

Mapadi a resin amapangidwa ndi tiulusi tomatidwa ndi utomoni. Salira, amagwira msanga ngakhale m'mawa wa Juni kukuzizira, ndipo sadya disiki. Mdani wake ndi matope. Mvula ikakhazikika, mchenga wonyowa umawapala mpaka kutsala kachitsulo kakumbuyo kokha. Akatenthanso kwambiri amasalala ngati galasi, mukafinya buleki njinga n'kumangopitirira. Ngati ulendo wanu ndi wa patala, kunyumba, kumsika, kutchalitchi, gulani amenewa, ndi otchipanso.

A metallic ndi ufa wa zitsulo, makamaka mkuwa, woumbidwa pamoto. Awa ndi a munthu wotsika ndi matumba a mbatatesi kuchokera ku Tsangano, kapena wodutsa mitsetse italiitali ya ku Zóbuè polowera ku Moatize. Kutentha sawopa, matope sawamaliza msanga. Koma amalira, makamaka akanyowa, mudzi wonse n'kudziwa kuti mwafika, ndipo disiki imatha msangako. Alinso a semi-metallic, apakatikati, amene ubwino wake umatengera anawapanga ndani.

Musanatulutse ndalama, gwadani muwerenge zolembedwa padisiki. Madisiki otchipa a Shimano, monga SM-RT10 ndi SM-RT26, analembedwa kuti "Resin pad only". Chitsulo chake ndi chofewerapo, mukaikapo a metallic amachikumba mizere. Pamenepo pali ziwiri: kukhala pa resin, kapena kugula disiki ina limodzi ndi mapadiwo. Wonyamula katundu ndimamuuza kuti asinthe zonse, ndipo ngati foloko ikulola, kutsogolo aike disiki ya mamilimita 180 m'malo mwa 160.

Popita kukagula, zulani padi yakale muike m'thumba. Maonekedwe ake ndi ambirimbiri ndipo kuyerekeza ndi maso kumanamiza. Ya Shimano B01S, yomwe ndi ya resin, imalowanso pa mabuleki ambiri a Tektro, koma osati onse.

Nthawi yosintha ndi pamene mnofu wa padi watsala theka la milimita. Disiki ya Shimano ikapyapyala kufika mamilimita 1.5, nayonso yatha.

Poika atsopano, sambani m'manja kaye. Girisi kapena oyilo wa tcheni akangodontha papadi, amalowa m'kati ndipo satulukamo, kaya mupukute chotani. Disiki ipukuteni ndi sipiriti pakansalu koyera, makamaka ngati mukuchoka pa resin kupita pa metallic, chifukwa zotsalira za akalewo zimalepheretsa atsopano kugwira. Mukatero pezani malo osalala, palasani mwamphamvu, finyani buleki mpaka njinga itatsala pang'ono kuima, kenako tayani. Bwerezani kakhumi kapena kupitirirapo, buleki imodziimodzi. Mudzamva yokha ikuyamba kuluma. Musakweze katundu kapena mwana wasukulu pakaliyala musanachite zimenezi, ndipo pamtsetse wautali muzifinya n'kutaya, kutsogolo ndi kumbuyo mosinthana, osangokakamira chogwirira mpaka pansi.