Momwe mungayesere function ya Python yokhala ndi parameter yoti mutha kuisiya

Yambani ndi `pip install hypothesis pytest`, kuti muike Hypothesis ndi pytest, zida ziwiri zoyesera mapulogalamu a Python. Zonsezi ndi zaulere, ndipo sizidya bandulo kwenikweni. Pali anyamata ena pa WhatsApp amene amagulitsa "maphunziro" a zimenezi, koma zomwe amatumiza ndi zomwe zili kale pa tsamba la Hypothesis. Musawapatse ndalama zanu.

Njira imene Hypothesis imagwiritsa ntchito inayambira pa QuickCheck, chida choyesera mapulogalamu chimene Koen Claessen ndi John Hughes analembera chilankhulo cha pakompyuta cha Haskell. Inu mumangotchula lamulo loyenera kukhala loona nthawi zonse, Hypothesis nkupeka yokha zitsanzo 100 zofuna kuliphwanya.

Yanga inali function yowerengera malisiti a sitolo ina, `mtengo(ndalama, kuchotsera=5)`, momwe 5 ndi default, kutanthauza peresenti yochotsera imene imalowa yokha mukapanda kutchula ina. Lamulo langa: ngati palibe kuchotsera, wogula alipire ndalama zonse.

Apa ndi pamene ndinagwa. Pa `kuchotsera` ndinalemba `st.none() | st.integers(0, 100)` (`st` ndi `hypothesis.strategies`, ndipo mzerewu umapereka `None` kapena nambala kuyambira 0 mpaka 100), mayeso onse anadutsa, mtima unakhala pansi. Sindinaganize kuti kupereka `None` ndi kusatchula parameter ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mukapereka `None`, Python saigwiritsa ntchito 5 uja. Mukaisiya osaitchula, ndi pamene 5 amalowa. Mayeso anga ankapereka kanthu nthawi zonse, choncho njira yosatchula parameter sinayesedwe ngakhale kamodzi. Pulogalamu ya pakauntala inkaitana `mtengo(ndalama)` basi, ndipo aliyense wogula ankachotseredwa 5 peresenti mpaka mwini sitolo anaona kuti ndalama za m'kabati sizikugwirizana ndi katundu wotuluka. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa anali atandikhulupirira.

Chitani chonchi:

`@given(st.integers(0, 10**6), st.fixed_dictionaries({}, optional={"kuchotsera": st.none() | st.integers(0, 100)}))`

Ikani mzerewu pamwamba pa function ya mayeso yolandira `ndalama` (nambalayo) ndi `zina` (dictionary-yo), ndipo m'kati mwake itanani `mtengo(ndalama, **zina)`. Nthawi zina dictionary imabwera yopanda kanthu, ndiye kuti parameter yasiyidwadi. Ngati `not zina.get("kuchotsera")` ndi zoona, kutanthauza kuti palibe kuchotsera, tsimikizani kuti mtengo ukufanana ndi ndalama. Pa ine inalephera pomwepo, ndipo Hypothesis inachepetsa chitsanzocho mpaka chinatsala `{}` ndi kanambala kakang'ono.

Ena amadulira pa `st.builds`, imene imaitana yokha function ndi zitsanzo zopeka. Chenjerani nayo, chifukwa parameter yokhala ndi default imaisiya osaikhudza pokhapokha mutaiuza.

Kenako yendetsani `pytest`, konzani cholakwikacho, ndipo chitsanzo chimene chinalephera chiikeni pa `@example` kuti chiziyesedwa nthawi zonse. Foda ya `.hypothesis`, imene Hypothesis imapanga yokha, ilembeni mu `.gitignore` kuti Git isaisunge.