Mmene mungayezere kafukufuku wa ana oleredwa ndi akazi okwatirana okhaokha

Wina akakutumizirani uthenga wakuti "akatswiri apeza" zakutizakuti pa ana oleredwa ndi akazi okwatirana okhaokha, musafulumire kuvomera kapena kutsutsa. Yambani mwafunsa kuti anawo anawayerekeza ndi ana ati. Kwa ine nkhani yonse yagona pamenepa.

Onani zimene anachita Susan Golombok, katswiri wa zamaganizo, ku Britain. M'zaka za m'ma 1970, makhoti akumeneko ankakonda kulanda ana mayi akadziwika kuti ali ndi chibwenzi chachikazi. Ambiri mwa anawo anabadwira m'banja la bambo ndi mayi lomwe pambuyo pake linatha. Ndiye mu 1983 Golombok ndi anzake anayerekeza ana 37 a amayi oterewa ndi ana 38 oleredwa ndi mayi yekha wopanda mwamuna. Mbali zonse ziwiri bambo panalibe pakhomo. Pa khalidwe, maganizo ndi kacheredwe ndi anzawo, sanapeze kusiyana kwenikweni.

Mark Regnerus wa ku yunivesite ya Texas, mu 2012, anafunsa anthu pafupifupi 3,000 ndipo anati ana oterewa zinthu siziwayendera bwino. Koma werengani bwino mmene anawagawira. Aliyense amene anati mayi ake anakhalapo pa chibwenzi ndi mkazi, ngakhale kwa kanthawi kochepa, anamuika m'gulu limodzi, n'kumuyerekeza ndi amene anakula ndi bambo ndi mayi omubereka osasiyana. Amene analeredwa ndi akazi awiri kuyambira ukhanda mpaka zaka 18 anali awiri basi. Ine ndimati iye anayeza mabala a banja losweka.

Kenako fufuzani mmene mabanjawo anawapezera, ndiponso amene ankayankha mafunso. Apa ndiye pamene amaterereka amene amati ana oterewa zinthu zimawayendera bwino. Nanette Gartrell anayamba kutsatira mabanja 84 ku America mu 1986, ndipo mu 2010 anapeza kuti achinyamata 78 a zaka 17 ankachita bwino kusukulu ndi pakati pa anzawo kuposa anzawo amsinkhu umenewo. Komatu mabanjawo anachita kudzipereka okha ataona zilengezo ku Boston, Washington ndi San Francisco, ndipo mafomu a khalidwe la mwana ankadzaza ndi amayi. Kodi ndi mayi uti amene angamunyoze mwana wake papepala, akudziwa kuti dziko lonse likumuyang'ana?

N'chifukwa chake ndimakhulupirira kwambiri kafukufuku amene anafunsanso aphunzitsi. Wa Golombok wa 2003 anatero pa ana a zaka 7 a m'mabanja 39, ena mwa iwo otengedwa m'kaundula wamkulu wa ana obadwira m'dera la Bristol. Nakonso anawo anapezeka kuti akukula bwinobwino.

Musasiye osaona ngati anawafunsa za kutonzedwa. M'gulu la Gartrell, achinyamata amene ankasekedwa chifukwa cha amayi awo ndi amene ankaonetsa mavuto ochulukirapo, ndipo mavutowo ankachepa kwa amene ankagwirizana kwambiri ndi amayi awowo.